Mbiri ya gogo isadikire usiku wa pasiwa

Kuno kuchigwa cha Domasi taika m'manda mayi amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 100. Dzina sinditchula, eni mbumba sananditume, ndiponso nkhani ndabwera nayoyi si ya banja limodzi. Tonse tinkangowatchula kuti Mayi Aphunzitsi, ngakhale choko anachisiya kalekale, ambiri a inu musanabadwe. Maliro awo anali aulemu ndithu. Magalimoto anachokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ina mpaka ku Joni. Amayi a Mvano anachezera kuimba, adzukulu kumanda anadya nsima ya nyama, nkhata zinachita kusefukira pamtumbira. Koma itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, mnyamata wina anaimirira ndi foni m'manja n'kuwerenga kuti anabadwa, anabatizidwa, anakwatiwa, anaphunzitsa m'sukulu zosiyanasiyana, asiya ana mwakuti, zidzukulu mwakuti. Basi. Kuwerenga maina a opereka chipepeso kunatenga nthawi yaitali kuposa kuwerenga moyo wa mwini maliro.

Mbiriyo inalembedwa usiku wa pasiwa, abale akukokanakokana. Wina akuti anayamba kuphunzitsa nkhondo ya Hitler isanathe, wina akuti ayi, njala ya 1949 inali itadutsa kale. Munthu yekhayo amene akanathetsa mkanganowo anali atagona m'bokosi pakati pawo. Zaka zonsezi anali nafe pakhonde, mutu uli bwinobwino mpaka chakumapeto kwenikweni, koma panalibe amene anakhala pansi n'kuwafunsa. Safunsa anadya phula, ana anga, ndipo phula lake ndi limene tinamva likuwerengedwa pamanda paja.

Ine ndinadutsa m'manja mwawo, ndiye zochepa zimene ndikudziwa ndizinene, kuti muone zimene zinatsala kunja kwa foni ija.

Anabadwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, m'dera la Mfumu Malemia, pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa pomwe mtsinje wa Domasi umatsikira ulendo wa ku Chilwa. Sukulu inali itafika kale kuno, pakuti a Church of Scotland, atakhazikika ku Blantyre mu 1876, anatumiza Alexander Hetherwick kudzatsegula mishoni ya Domasi mu 1884. Koma sukulu kukhalapo ndi kwina, mwana wamkazi kulowamo ndi kwinanso. Makolo ambiri achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumishoni akamubatiza. Makolo achikhristu nawo, mtsikana akangotha msinkhu, ankati zakwana, abwere adzasinje. Mayi athuwa anapulumukira kwa amalume awo, mwinimbumba wouma mutu, amene anakana onse odzafunsira mbeta ndi kulipira yekha fizi pogulitsa nkhuku ndi matemba. Dzina la malume ameneyo silinamveke pamaliro paja, chonsecho popanda iye sipakanakhala Mayi Aphunzitsi.

Ali kamtsikana kotunga madzi, mu 1929, boma la atsamunda linatsegula Jeanes Training Centre pompano pa Domasi. Maganizo ake anachokera ku America, kumene mayi wina wachuma, Anna Jeanes, anapereka ndalama mu 1907 zotukulira sukulu za kumidzi za anthu akuda. Gulu la Phelps-Stokes, momwe munali James Aggrey wa ku Gold Coast, linayendera Nyasaland mu 1924, ndipo patapita zaka ziwiri boma linakhazikitsa nthambi ya maphunziro. Chachilendo pa Jeanes chinali chakuti mphunzitsi sankabwera yekha. Ankabwera ndi mkazi wake ndi ana, n'kupatsidwa nyumba. Bambo akamaphunzira kuyendera sukulu za m'midzi, mayi ankaphunzira ukhondo wa pakhomo, kasamalidwe ka makanda, kusoka ndi kulima ndiwo zamasamba. Pambuyo pake mafumu nawo ankaitanidwa kudzaphunzira pamodzi ndi akazi awo. Tisanamizane, azungu aja sankafuna kuti munthu wakuda apite patali. Ankafuna mlimi waukhondo wodziwa kuwerenga chiphaso cha msonkho. Sekondale yoyamba inachita kulimbiranidwa, n'kudzatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942. Koma amayi amene anadutsa pa Jeanes anatola zochepa anapatsidwazo n'kuzichulukitsa. Mayi athuwa analowa pamenepo ngati mkazi wa mphunzitsi, n'kutulukapo atazindikira kuti nawonso angathe kuima kutsogolo kwa ana.

Za banja lawo ndi zimene achinyamata simuzimvetsa. Kwathu kuno n'kwa chikamwini: mwamuna ndiye amasamuka, mkazi amakhala pa nthaka ya amayi ake, pakati pa abale ake. Mkazi wa mphunzitsi ankachita zosemphana ndi mwambo. Kalata ikabwera kuti bambo asamukire sukulu ina, mayi ankamanga mitolo, mphika m'dengu, mwana kumsana, kusiya munda wa makolo chimanga chili m'mawondo. Kumene wafikako ndi mlendo, alibe mlongo woti amudandaulire, ankhoswe ali mtunda wa masiku awiri. Munda ankachita kupempha kwa nyakwawa, ndipo akangoufewetsa, kalata ina yafika. Malipiro a mphunzitsi wa mishoni anali oti sakanadyetsa banja popanda khasu la mkazi. Anthu akamatama kuti aphunzitsi akale ankavala zoyera, kolala ili chilili, sakumbukira amene ankachapa kumtsinje ndi kusita ndi simbi ya makala tambala asanalire.

Mayi Aphunzitsi anaona Napolo wa mu Disembala 1946 atatsika m'phiri la Zomba, kukokolola milatho ndi nyumba za anthu. Anaona njala ya 1949, mvula itadula pakati pa dzinja. Ankatiuza kuti chaka chimenecho ana ankagona m'kalasi ndi njala, ndipo iwo ankaphika phala la gaga mumphika waukulu kuseri kwa sukulu, kugawa ndi chipande chimodzi mwana aliyense, wachisilamu ndi wachikhristu yemwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zambiri zimene dziko likudziwa lero za njala imeneyo zinasungika chifukwa wolemba mbiri wina, Megan Vaughan, anapita m'midzi ya m'boma la Blantyre n'kukhala pansi ndi amayi okalamba, kumvetsera nkhani zawo ndi nyimbo zawo za pamtondo, n'kutulutsa buku mu 1987. M'mabuku a boma munali matumba a chimanga ndi mitengo yake. Za amuna amene anathawa mabanja awo n'kupita kukadya kwa abale awo zinali m'kamwa mwa amayi. Mlendo anaoloka nyanja kudzafunsa agogo athu, ife tili nawo m'nyumba momwemo.

Moyo wautali timaupempherera, koma amene aulandira amadziwa kulemera kwake. Pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964, zaka zimene Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo sizinkafika ndi 40 zomwe, chifukwa ana ambiri ankafa asanayambe kuyenda. Mayi Aphunzitsi anaika ana awo ena ali makanda, chikuku ndi malungo zitawatenga. Otsalawo anawaphunzitsa mpaka anakhala anthu, ena m'maofesi a boma ku Zomba, likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Kenako kunabwera Edzi. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, mabokosi ankabwera kuchokera m'tauni motsatizana, pambuyo pake ana amasiye ndi tizikwama tawo. Mayi wa zaka 70, woti apume, anayambiranso kulera: kuphika phala m'mawa, kusoka yunifolomu, kukagwada kwa ahedi kuti fizi ya sekondale idikire mpaka akolole. Magalimoto ambiri amene anaima pamaliro paja anali a ana amasiye omwewo. Agogo otere ali m'mudzi uliwonse m'Malawi muno, ndipo dziko silinawathokozepo mokwanira.

M'kalasi ndimo ndimawakumbukira bwino. Ankaphunzitsa Sub A, kalasi yoyamba imene aphunzitsi aamuna ankaithawa. Masileti anali ochepa, ndiye ankatitulutsa panja pansi pa mtengo wa mango, aliyense asalaze mchenga patsogolo pake ndi chikhatho. Ankagwada kumbuyo kwako, kugwira chala chako cha mkombaphala m'dzanja lawo lokhakhala ndi khasu, n'kuchiyendetsa pamchenga mpaka chilembo chituluke. Ukalakwitsa ankafufuta ndi phazi, osanena kanthu, n'kugwiranso chala. Kuwerengera tinkaphunzira ndi njere za chimanga ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Mwana wolankhula Chiyao chokhachokha ankamuyambira m'Chiyao, n'kumuolotsa pang'onopang'ono, ndipo sanasiye kutero ngakhale mu 1968 boma litalamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko. Ndalama zitasintha mu 1971, mapaundi, masheleni ndi makobiri kulowedwa m'malo ndi kwacha ndi tambala, masamu onse amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri anasanduka akale tsiku limodzi. Anakhala pansi usiku ndi koloboyi kuphunzira kaye okha, m'mawa n'kukaphunzitsa ana, madzulo amayi a pamsika. Kamtengo ka m'manja analinso nako, ndisabise, ndipo sikanali kolozera pabolodi pokha. Zimenezo zinapita ndi nthawi yake ndipo sindikuzilira. Chimene ndikulira n'chakuti mwana sankachoka m'kalasi mwawo asanadziwe kulemba dzina lake. M'mera mpoyamba.

Mu 1994 boma litachotsa fizi kupulayimale, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero n'kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Analembedwa ntchito anyamata ndi atsikana ongomaliza kumene sekondale, osaphunzira zauphunzitsi, n'kupatsidwa kalasi ya ana oposa 100. Ena anzeru mwa iwo ankabwera madzulo pakhonde pa Mayi Aphunzitsi kudzafunsa kuti khamu lotere amaligwira bwanji. Ankawauza kuti ayambe ndi nyimbo, adziwe maina a ana ovutitsa poyamba n'kuwapatsa udindo, ndipo asafuule, chifukwa mphunzitsi wofuula amatha mawu nthawi yopuma isanakwane. Galu wamkota sakandira pachabe. Aphunzitsi amenewo ena ndi mahedi lero, ndipo adzakuuzani okha kumene anatenga luso.

Chigwa chathu chino n'chodala pa zamaphunziro. Pamalo pomwe panali Jeanes lero pali Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi ndi mabuku a sukulu za dziko lonse kuyambira 1982. Pafupi pomwepo pali Domasi College of Education, imene yakhala ikusula aphunzitsi a sekondale kuyambira 1993. Inu ophunzira a pamenepo, midzi yozungulira mpanda wanu muli aphunzitsi opuma amene anagwira choko nthawi ya Federation, ya Kamuzu ndi ya matipate. Mukamasaka mutu wa kafukufuku, musayang'ane pa intaneti pokha. Wolokani msewu.

Ena anena kuti nzeru za okalamba zinatha ntchito. Pena akunena zoona, ndipo ine sindikuti chilichonse chotuluka m'kamwa mwa gogo n'chopatulika. Mayi Aphunzitsi ankalangiza atsikana kuti banja n'kupirira. Kupirira umphawi, matenda ndi kusamukasamuka, inde, pamenepo anali katswiri. Koma mwana wanga wamkazi sindingamuuze kuti apirire zibakera. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Mayi Aphunzitsi eni ake, atamva zimenezi pa wailesi, anati zikanabwera kale anzawo ambiri a Sub A akanamaliza sukulu. Kumvera wamkulu sikutanthauza kumeza zonse. Umamva, n'kupeta, n'kusunga maso ake. Koma sungapete chimene sunatole.

Tsopano ndinene zowawa. Zaka zawo zomaliza anakhala ndi kamtsikana kamodzi, chidzukulu chotalikira, kamene kanasiya sukulu kuti kaziwasamalira. Taganizani, mphunzitsi wa mudzi wonse kusamalidwa ndi mwana wosiyitsidwa sukulu! A m'tauni ankatumiza ndalama pa Mpamba ndi pa Airtel Money mwezi ukatha, ndipo sindikuwanyoza, ndalama n'zofunika. Koma ndalama ya pafoni sitembenuza munthu pamphasa kuti asatuluke zilonda. Sitenthetsa madzi osamba m'mwezi wa Juni mphepo ikamatsika m'phiri, sisinja nsinjiro zothira m'phala la munthu wopanda mano. A m'tauniwo ankabwera pa Khirisimasi, kujambulitsa nawo chithunzi, kuchiika pa WhatsApp, dzuwa lisanapendeke galimoto yalira. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndipo m'mudzi munayamba manong'onong'o. Mwana akadwala, wina ankaponya maso kunyumba ya gogo. Ati munthu angakhale bwanji zaka zonsezi ana ake akutha, ngati sakudya anzake? Anthu omwe anawagwira chala pamchenga ndi amene ankalankhula zimenezi. Mwamwayi nyakwawa yathu inadzudzula msanga pabwalo, nkhani n'kuzizira. Kwina sizithera pamenepo. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi, ati ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Chaka ndi chaka bungwe la MANEPO, loyankhulira okalamba, limadandaula za agogo omenyedwa, owotcheredwa nyumba ndi ophedwa pa nkhani zomwezi. Dziwani kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911 limene likugwirabe ntchito, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lapadera loteteza okalamba. Dziwaninso kuti gogo akamadzuka usiku n'kumayendayenda, kuitana anthu amene anafa kale, kapena kupezeka pakhomo pa eni ake m'bandakucha atasokera, amenewo ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba. Wotero amafunika womugwira dzanja n'kumubwezera kunyumba. Tinkati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Lero moto tikukauyatsa m'dambo momwemo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo theka anali ana osafika zaka 18. M'dziko la ana chonchi munthu wa zaka 100 ndi wosowa kwambiri, n'chifukwa chake osadziwa amamuyesa chilombo. Inu amene mukuloza chala, chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Imvi sizipempha chilolezo.

M'chipinda mwa Mayi Aphunzitsi munali bokosi lachitsulo. Atalitsegula pambuyo pa maliro anapezamo khadi la ubatizo, Buku Lopatulika lothothoka chikuto, ndi fumbi la mapepala amene chiswe chinadya. Makope awo okonzera maphunziro, olembedwa ndi dzanja lopendekera bwino lija, ana anali atayatsira mbaula, ena kukulungira zitumbuwa. Satifiketi ya uphunzitsi inatsala theka. Pamodzi ndi mapepalawo panapitanso zimene sizinalembedwe n'komwe: kumene makolo a mudzi uno anachokera, amene anagona manda ati kumsitu kuja, chifukwa chimene banja lakuti silikwatirana ndi banja lakuti, malire a munda wa kudimba. Za malirezi mudzazimva posachedwa. Chikhazikitsireni lamulo la malo a makolo la 2016, nkhani yolembetsa minda ili pakamwa pa aliyense, ndipo milandu ya malire yadzaza mabwalo a mafumu. Gogo akanatha kuloza ndi ndodo kuti malire ndi chulu chija ndi mtengo wa mkuyu uja. Tsopano adzukulu adzalozerana zikwanje.

Choncho inu amene agogo anu akali moyo, kaya ndi anganga a kuchimuna kaya a kuchikazi, mverani. Musapite ngati alendo a boma, kufunsa mafunso khumi mutaimirira, makiyi a galimoto ali m'manja. Pitani mukagone. Nyamulani shuga, masamba a tiyi, sopo, mafuta odzola ndi bulangete. Okalamba amamasuka m'mawa atamwa tiyi, kapena madzulo mukamatongola nawo chimanga. Musafunse kuti "Agogo, tiuzeni mbiri yanu," chifukwa adzangoseka n'kunena kuti alibe mbiri. Funsani chinthu chimodzi chogwirika: "Agogo, tsiku loyamba kusukulu munavala chiyani?" "Agogo aamuna munakumana nawo kuti?" "Chaka cha njala munkadya chiyani?" Akayamba, musawadule, ngakhale abwereze zimene ananena dzulo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Akasokoneza zaka, musawatsutse. Iwo amawerenga nthawi ndi zochitika, monga chaka cha Napolo, chaka chimene Chilwa inauma, chaka cha referendamu, ndipo inu ophunzira mukhoza kupeza nokha kuti Chilwa inauma mu 1968 ndi mu 1995, referendamu inali ya 1993. Foni imene mumajambulira zithunzi ija imathanso kujambula mawu. Mukabwerera, lembani m'kope, ikani tsiku, gawirani abale. Mapepala awo akale ajambuleni chiswe chisanafike. Nyumba yosungira zakale za dziko, National Archives of Malawi, ili pa Zomba pomwepa, ulendo wa minibasi imodzi kuchokera pa Domasi. Kafunseni mmene mungasungire zimene mwapeza.

Ndipo gawanani ntchito yosamalira. Mutu umodzi susenza denga, nanji mutu wa kamtsikana ka Sitandade 6. Ngati mungathe kusonkha ndalama za bokosi la mtengo wapatali, za nsalu yofanana ndi za malaya osindikiza nkhope ya malemu, mungathenso kusonkha zolipira munthu wamkulu wowasamalira, mwana uja n'kubwerera kusukulu. Denga lodontha likonzeni eni ake akali kugonamo. Abusa ndi mashehe, pamaliro mumalalikira bwino. Lalikiraninso za agogo amene ali moyo, ndipo mukamva mphekesera za ufiti m'dera lanu musadikire kuti nyumba ipse. Mafumu, wotchula mnzake ufiti aitanidwe pabwalo tsiku lomwelo.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene anawamva. Loweruka likubwerali kwerani minibasi, tsikani pa Songani kapena pa Domasi, gulani kope ndi cholembera pagolosale, mukawapeze agogo anu akali kulankhula.